Galimoto ya ku Joni, Khwekhwelere ndi thumba langa la urea

Kuno ku Bembeke mvula yatipatsako mpata lero, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembereni nkhani ija ndinalonjeza. Ambiri munaona zithunzi za chinkhoswe cha mwana wa achemwali ku Mtakataka, ine nditavala jekete, nditatsamira galimoto yakuda ngati yanga. Ena mpaka munalemba kuti mlimi watola chikwama. Chikwama chake chiti? Galimoto ija ndi ya mng'ono wanga wa ku Joni, ndipo chomwe ndinaikapo ine simungachione pa chithunzi, chili kuseri kwa matayala akutsogolo. Nkhaniyi ndi yaitali, tenthetsani tiyi. Mwini wake wandilola kuti ndiilembe, ati bola ndisatchule dzina.

Mng'ono wangayu anafika Lachiwiri madzulo, kutatsala masiku anayi kuti chinkhoswe chichitike. Anayendetsa yekha kuchokera ku Johannesburg, kudutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, n'kudzalowera pa chipata cha Dedza pompano. Galimoto yake ndi Lexus LX 570, yomwe anaigula yogwirapo kale ntchito. Inu amene simuidziwa, taganizani Land Cruiser V8 ija amakwera akuluakulu a boma, koma yovala suti. Mipando yachikopa, anthu asanu ndi atatu kukhala bwinobwino, kuzizira ngati mu banki. Ana a mudzi wonse anaithamangira kuchokera pa mjigo mpaka pakhomo pa amayi.

Anthu ankaona galimoto, ine ndinamva phokoso. Pomwe amatsika kamtunda ka pa chigayo paja, nthawi iliyonse akaponda buleki inkalira kuti tswiii, kaphokoso kowonda ngati mbewa yagwidwa pa msampha. Titatha malonje ndinamukokera pambali.

“Iwe, galimoto yakoyi ikulira chiyani?”

“Aaa achimwene, ndi kamchenga chabe ka mumsewu wa Tete. Tikaitsuka zisiya.”

“Yayamba liti?”

“Cha ku Harare.”

Cha ku Harare! Ndiye kuti kamchenga kameneko kawoloka malire a mayiko awiri osagwa.

Ine sindine makaniko, ndipo chiphaso choyendetsera galimoto ndilibe. Koma za mabuleki ndinaphunzira pa ngolo, ndipo sukulu yake ndinalipira modula. Achikulire a kuno mukukumbukira chaka chija ngolo yanga inakankha ng'ombe potsikira ku dimba. Chipika chomwe chimagwira tayala chinali chitaperepeseka, labala yake itatha, ine n'kumati ndikonza mawa, ndikonza mawa. Tsiku limenelo ndinapakira matumba a kachewere modzaza, nditakoka chogwirira ngolo inangopitirira ngati sindinaiuze kanthu. Ng'ombe yanga yabwino inathyoka mwendo, tinaigulitsa nyama pa mtengo wolira. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti katundu wolemera pa chitsikiro samva dzina la mwini wake.

Ndiye taganizani. Loweruka timayenera kutsika Khwekhwelere, msewu uja umachoka pa Masasa kupita ku Golomoti. Inu ana obadwira ku Lilongwe amene simunaudutsepo, funsani makolo anu. Kuno ku Dedza tili pamwamba, pa boma ndi mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500. Kusiyana konseko msewu umenewu umakutsitsani mokhotakhota, kona pamwamba pa kona, mbali ina phiri, mbali ina phompho. M'galimotomo mumayenera kukwera amayi athu, achemwali, mayi a kunyumba kwanga, mlamu, ana awiri, mwini wake ndi ine malume, nkhoswe ya kuchimuna, tambala ali pamiyendo. Banja lonse m'chitini chimodzi.

Usiku umenewo sindinagone bwino. Mmawa ndinamuuza kuti, “Mng'ono wanga, ine ndi amayi sitikwera galimoto iyi mpaka wina aione kunsi.” Anakwiya pang'ono, ati ku Joni imapita ku sevisi, ati anthu akumudzi timaopa chilichonse. Koma amayi anamva, ndipo anangoti, “Mverani akulu anu.” Nkhani inathera pomwepo.

Tinapita pa boma kwa amakaniko ena achikulire omwe anagwirapo ntchito zaka zambiri pa ma Land Cruiser a mabungwe. Anaikweza pa jeki, kuchotsa tayala lakutsogolo, n'kutiitana kuti tione tokha. Apa ndifotokoze momwe anatifotokozera, chifukwa ine ndinali ndisanaonepo. Kuseri kwa tayala kuli chitsulo chozungulira ngati mbale, amati disiki, chomwe chimazungulira limodzi ndi tayalalo. Mbali zonse ziwiri za disiki kuli mapadi, ina uku ina uku. Mukaponda buleki, mafuta a mabuleki amakankha mapadi aja n'kufinya disiki, ngati momwe mungagwirire mbale pakati pa zikhatho. Padi iliyonse ili ndi chitsulo kumbuyo, ndipo kutsogolo kuli gawo lomwe limakhuzana ndi disiki, iwo amati nyama yake. Nyama imeneyo ndi yomwe imatha.

Anati padi yatsopano nyama yake imakhala mamilimita 10 mpaka 12, ndipo ikafika pa 3 ndiye kuti yakwana yosintha. Za mng'ono wanga zinali pa 2. Anationetsanso kachitsulo kakang'ono kopindika m'mbali mwa padi. “Mbewa yanu ija ndi iyi,” anatero. Opanga anakaika dala kuti nyama ikatsala pang'ono kazikanda disiki n'kumalira, kuti mwini galimoto amve. Ati galimoto zina za ku Ulaya, monga BMW ndi Range Rover, m'malo mwa kachitsuloka zili ndi kawaya komwe kamayatsa nyali pa dashibodi, ndipo kakayatsa kamafunika kusinthidwa limodzi ndi mapadi. Koma iyi imalankhula ndi pakamwa, ndipo inakhala ikulankhula kuyambira ku Harare.

Ndinafunsa funso lachimidzi. “Madala, nanga si ikuimabe? Sitingapite n'kudzasintha pobwera?”

Anandiyang'ana n'kunena kuti nditikite manja mwamphamvu. Ndinatikita. “Mwamva chiyani?” Ndinati kutentha. “Buleki ntchito yake ndi imeneyo basi. Imatenga liwiro la galimoto n'kulisandutsa moto.” Ati galimoto imeneyi yopanda munthu imalemera matani pafupifupi 2.7. Ine ndinawerengera m'mutu mwa chilimi, ndi matumba a chimanga a makilogalamu 50 okwana 54. Onjezanipo anthu asanu ndi atatu ndi katundu wa chinkhoswe. Moto wonse wotsitsa matumba amenewo pa Khwekhwelere umathera pa timapadi tosaposa chikhatho changa, ndipo ambiri mwa motowo umapita ku matayala akutsogolo chifukwa poima galimoto imagwadira kutsogolo. Padi yopyapyala imatentha msanga, ikatentha kwambiri imayamba kuterereka, ndipo nyama ikatheratu chitsulo chimadya chitsulo chinzake. Pa msewu wa flati mungapulumuke. Pa chitsikiro chachitali mumazindikira muli pa kona yachisanu.

Anayeza disiki ndi kachipangizo kake. Pa disiki iliyonse, m'mphepete, opanga amadindapo nambala yosonyeza kupyapyala komwe siyenera kupitirira, pamalembedwa MIN TH. Za ife zinali zisanafike pamenepo ndipo zinalibe mikwingwirima yozama, ndiye anati zikhoza kukhala. Mapadi akumbuyo anali ndi nyama yokwanira. Koma mafuta a mabuleki anali akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ati mafuta amenewa amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, ndipo akakhala ndi madzi amawira msanga akatenthedwa, phazi n'kungolowa pansi ngati mwaponda chithope. N'chifukwa chake amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndi mtundu womwe walembedwa pa chitsekerero chake, kaya DOT 3 kaya DOT 4.

Pa boma mapadi a galimoto ngati imeneyi panalibe. Amakaniko anatikulungira padi imodzi yakale mu nyuzipepala, anauza mng'ono wanga kuti ajambule nambala ya chasisi pa foni, ndipo anatipatsa malangizo atatu. Musagule potchula dzina la galimoto lokha, chifukwa galimoto za dzina limodzi zimasiyana mabuleki malinga ndi chaka ndi injini, perekani nambala ya chasisi ndipo mufananize ndi padi yakaleyi. Mugule ya matayala onse awiri akutsogolo, sasintha mbali imodzi. Ndipo chachitatu anachinena motsitsa mawu: “Mukakatchula Lexus mtengo ukwera. Galimoto iyi kunsi ndi Land Cruiser 200, mapadi akutsogolo ndi amodzi. Kafunseni a V8.” Ine ndinaseka. Eti suti ndi yodula koma nsapato amabwerekana ndi mnzake wa ku thengo.

Lachinayi m'mamawa tinakwera Sienta wa ku Lilongwe. Abale, mukanamuona bwana wa Lexus atapanikizidwa pakati pa mayi wa dengu la tomato ndi mnyamata wa thumba la kabichi, makilomita 85 onse bondo lili pachibwano! Ine ndinazolowera, ndinagona tulo. Ulendo umenewu unandikomeranso chifukwa ndinali ndi ndalama mu foni ya matumba awiri a urea, yomwe ndinapeza nditagulitsa kachewere wa m'dimba. Chimanga changa chinali chitakwana masabata atatu chimerereni, nthawi yeniyeni yobereketsa, ndiye ndinati ndikaonenso mitengo ya feteleza m'tauni.

Tinazungulira mashopu a masipeyala angapo. Pomaliza tinaima pa shopu ina pomwe mnyamata wogulitsa anatiyalira mabokosi pa kauntala, ndipo apa ndi pomwe panali mayeso enieni.

Bokosi loyamba linali lokongola, la mtundu ndi zilembo zofanana ndi za kampani yopanga galimotoyo, koma mtengo wake wosakwana theka la thumba la feteleza. Mnyamata uja ati, “Awa ndi orijino bwana, tangowatsitsa mtengo chifukwa cha Khirisimasi.” Ndinalitenga m'manja. Zilembo zina zinali zofufutika ngati zadindidwa ndi chidindo chotopa, bokosi linali lotsegulidwa kale, ndipo nditatulutsa padi n'kuiika pambali pa yakale ija, utoto wake unali wamabampu, m'mphepete mwa nyama mukuyoyoka ndikakanda ndi chikhadabo, kachitsulo kolira kaja panalibe. Ife alimi zimenezi timazidziwa. Ndani mwa inu sanagulepo mbewu ya m'paketi yokongola, yopakidwa utoto wobiriwira, n'kukamera chimanga cha m'nkhokwe? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bokosi lachiwiri linalembedwa kuti ceramic. Lachitatu semi-metallic. Izi amakaniko aja anali atatiphunzitsa kale, ndipo ndinawaimbiranso foni pomwepo kuti ndisasokoneze. Mapadi amasiyana zomwe asakaniza mu nyama muja. Alipo ofewa omwe amati organic, otsika mtengo, osalira, koma amatha msanga ndipo sapirira moto wambiri, ndi oyenera tigalimoto topepuka ta m'tauni. A ceramic ndi aulemu, salira, satulutsa fumbi lakuda lodetsa marimu, amakhalitsa, ndipo pa maulendo a tsiku ndi tsiku ndi abwino ndithu. A semi-metallic ali ndi zitsulo zambiri mu nyama yake, ndiye amapirira kutentha pa katundu wolemera ndi pa zitsikiro zazitali, koma nthawi zina amalira, amadetsa marimu, ndipo amadya disiki mofulumirirapo. Palibe yomwe ili yabwino pa zonse. Zili ngati mbewu: ya kuno kozizira si yomwe mungadzale ku Golomoti kotentha.

Analiponso mapadi enieni a kampani, omwe anayesedwa pa galimoto imeneyi. Amakaniko anati ngati thumba likulola, gulani amenewo kwa ogulitsa ovomerezeka, simudzalakwitsa. Ngati silikulola, gulani a kampani yodziwika yopanga mabuleki, monga Ferodo, Bosch, TRW kapena Akebono, ndipo muyang'ane chizindikiro pa bokosi ndi kumbuyo kwa padi: chilembo E chili m'kabwalo ndi nambala, kenako 90R. Chimenecho chimatanthauza kuti mtundu wa padi umenewo unayesedwa pa lamulo la ku Ulaya lotchedwa ECE R90, lomwe limafuna kuti padi yolowa m'malo isasiyane ndi yoyambirira kupitirira 15 pa 100 iliyonse pa kagwiridwe kake. Anachenjezanso kuti akuba amatha kudinda chilichonse, ndiye chizindikiro chokha sichikwanira. Bokosi likhale lomata, nambala ya pa bokosi ifanane ndi ya pa padi, ndipo mugule pa shopu yomwe ikupatseni lisiti ndipo mudzaipeza pomwepo mwezi wamawa.

Mng'ono wanga anayamba ndi kuyamikira a ceramic, ati marimu ake sakufuna fumbi. Atamva mtengo anakhala chete. Anafunsa a kampani enieni, atamva mtengo anaseka kuseka kopanda mano. Kenako ndinaona dzanja lake likubwerera ku bokosi loyamba lija. “Achimwene, tingotenga awa. Angotifikitsa ku chinkhoswe ndi kubwerera ku Joni, ndikakafika ndikaika abwino.”

Ndinamutulutsa panja. Tinaima pa khonde la shopu, mvula ikuwaza.

“Tandiuza zoona. Vuto ndi chiyani?”

Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenako anandiuza. Ndalama inali itatha. Mafuta a galimoto ya injini ya malita 5.7 kuchokera ku Joni, zolipira pa zipata zitatu, mashuga ndi zitenje za azakhali onse, suti ya mkwati, gawo lake la chinkhoswe, ndi aliyense wobwera kudzapereka moni ali ndi vuto lake m'thumba. Yomwe inatsala inali ya mafuta obwerera, ndipo malipiro ake amalandira kumapeto kwa January. “Nanga ndinene bwanji kumudzi kuti ndilibe, achimwene, ndabwera pa galimoto imeneyi?”

Apa ndilankhule ndi ife akumudzi, chifukwa mlanduwu ndi wathunso. Mbale wathu akabwera pa galimoto yaikulu timaona ngati wabwera ndi banki. Sitifunsa kuti wagona kangati mumsewu, kapena kuti galimotoyo anamaliza kulipira. Timangotambasula manja, iye n'kumapereka chifukwa cha manyazi, mpaka kutsala ndi ndalama yogulira mabuleki a mwinamwina. Ine ndemwe Lachitatu lomwelo ndinali nditamuuza za malata a khitchini yanga. Ndinachita manyazi pa khonde paja kuposa iyeyo.

Ndinaimbira foni mayi a kunyumba, chifukwa ndalama ya urea si yanga ndekha, tinakumba limodzi kachewere ameneyo. Ndinafotokoza zonse, kuti kusiyana kwa bokosi lokayikitsa ndi bokosi labwino, kuphatikiza mafuta a mabuleki ndi ya amakaniko, kukudya thumba limodzi lathunthu. Anakhala chete, ine n'kumamva nkhuku zikulira kumbuyo. Kenako anati, “Bambo a ana, chimanga chikachita chikasu tidzadya kachewere. Mukufuna ndikatsike Khwekhwelere nditanyamula ana a eni pa mabuleki oyoyoka ndi chikhadabo? Gulani zenizeni. Koma alamu adziwe kuti ndi ngongole.”

Tinagula a semi-metallic a kampani yodziwika, bokosi lomata, chizindikiro chija chilipo, nambala zikugwirizana, ndipo titaika padi yatsopano pamwamba pa yakale makutu ake ndi mabowo zinakhala ndendende. Tinasankha amenewo chifukwa cha msewu womwe unali kutsogolo kwathu ndi katundu yemwe timanyamula, komanso ulendo wobwerera ku Joni galimoto itadzaza ufa ndi nyemba. Zoti marimu azida, ndinamuuza kuti ana a mudzi uno atsuka ndi mtima wonse. Ine ndinabwerako ndi thumba limodzi la urea m'malo mwa awiri.

Lachisanu amakaniko anamanga. Ndinakhala pa chitini n'kumaonerera. Anatsuka malo omwe mapadi amakhala, kupukuta timapini mpaka kuwala, kupaka girisi pang'ono kumbuyo kwa padi kokha, ati kutsogolo kukakhudza girisi ndiye mwaipha. Anachotsa mafuta akale onse n'kuthira atsopano. Atatsitsa galimoto, asanailize n'komwe kuti iyende, anapopa buleki kangapo mpaka inalimba. Ati ambiri amaiwala zimenezi, amangonyamuka, pofika pa geti phazi n'kulowa pansi chifukwa mapadi sanafike pa disiki.

Kenako anati tikawazoloweretse. Tinalowa mu M1 pamalo owongoka popanda anthu ambiri. Amathamanga kufika pa 60, n'kuponda buleki mwapakatikati mpaka kutsala pang'ono kuima, n'kunyamukanso, mobwereza kokwana ngati kakhumi, kenako kuyenda kamtunda osaponda kuti zizizire. Ati padi yatsopano ndi disiki yakale zili ngati ng'ombe ziwiri zomwe sizinakokepo goli limodzi, zimafunika zidziwane. Ndipo anachenjeza mng'ono wanga kuti makilomita 200 kapena 300 oyambirira mapadi atsopano sakhala atafika pa mphamvu yake yonse. “Ndiye mawa pa Khwekhwelere, bwana, buleki yanu yoyamba ndi giya. Chotsani pa D, ikani pa S, mutsike ndi 2, pothina 1. Injini ilire, musaimvere chisoni. Buleki muziponda mwamphamvu pang'ono n'kusiya, osagonekapo phazi njira yonse.”

Loweruka tinanyamuka 6 koloko. Amayi anapemphera tisanatuluke pa mpanda. Pa Masasa tinakhota, nkhungu ili thoo, ndipo titayamba kutsika munalibe wolankhula m'galimoto kupatula tambala. Injini inkalira mokweza moti mlamu anafunsa ngati yawonongeka. Mng'ono wanga, yemwe ku Joni amathamanga ngati akuthawa ngongole, anatsika ngati nkhalamba yonyamula mazira. Pa kona ina tinakumana ndi ng'ombe zitatu zili pakati pa msewu, kamnyamata kobusa kali kutali. Anaponda. Galimoto inagwada n'kuima, mowongoka, mopanda phokoso, ng'ombe ili potalika ngati mizere itatu ya chimanga. Sindikunena kuti mapadi otchipa aja sakanaima, Mulungu yekha ndiye akudziwa. Ndikungonena kuti pa nthawi imeneyo palibe mwa ife amene anaganiza za mtengo wake.

Chapakati pa phiri tinaima pomwe anyamata amagulitsa tigalimoto ndi tinjinga tosema, kuti mabuleki apume ndi amayi awongole miyendo. Ndinayandikiza dzanja pa tayala lakutsogolo osakhudza, kutentha kumamveka ngati pa mbaula, koma fungo lopserera panalibe. Nkhungu inali itayera, chigwa chonse chikuoneka mpaka kunyanja. Amayi anayang'ana kuphompho, kuyang'ana galimoto, n'kunena kuti, “Kale tinkatsika pano wapansi, mitolo ili pamutu. Miyendo siinkafuna sipeyala.” Tinaseka tonse, ndipo mng'ono wanga anaseka koyamba chichokereni ku Lilongwe.

Chinkhoswe chinayenda bwino, zithunzi munaziona. Tambala tinapereka, msoti tinalandira, ana aja tinawalangiza.

Tsopano mbali yomwe simunaione. Thumba limodzi la urea linakwana munda wakumunsi wokha. Wakumtunda unadikira. Mng'ono wanga anasunga mawu ake, ndalama inalowa mu foni kumapeto kwa January ndi kapamwamba, koma chimanga sichidikira malipiro a ku Joni. Pomwe ndimathira chinali chitayamba kale chikasu, ndipo amene mumadutsa njira ya ku tchalitchi mwaona nokha kuti chakumtunda n'chachifupi kuposa chakumunsi. Ndikuyerekeza kuti ndiluzapo matumba angapo pokolola. Ena mwandifunsa kuti munda umenewo walowa chiyani, kaya ndi mbozi kaya ndi mbewu. Si mbozi ayi. Munda umenewo unagula mabuleki.

Kodi ndikudandaula? Ndikamadutsa m'mizere yachikasu ija mtima umawawa ndithu, ndisaname, mlimi aliyense akudziwa. Koma ndikafika pakhomo n'kupeza amayi akusenda nyemba pa mkeka, ndimati chimanga chimadzalidwanso chaka chamawa.

Ndiye inu a m'tauni ndi a kunja amene mukukonzekera kubwera pa Pasaka, tamverani mlimi. Musanagule mashuga athu, pitani kaye akachotse tayala muone nyama ya mapadi ndi maso anu. Galimoto ikayamba kulira musakweze wailesi. Pogula, tengani nambala ya chasisi ndi padi yakale, ganizirani msewu womwe mukudzayenda ndi anthu omwe mudzanyamule, ndipo bokosi lotchipa modabwitsa mulisiye pa kauntala pomwepo. Ngati ndalama yaperewera, bwerani ndi manja okha, tidzakuphikirani nkhwani wotendera chimodzimodzi. Ndipo ife akumudzi, mbale akafika, timufunseko kuti wayenda bwanji tisanamuuze za malata.

Mng'ono wanga, ndikudziwa ukuwerenga uli pa ntchito. Amakaniko aja akuti akumbuyo aja usawaiwale, uwaonetse isanafike June. Marimu ada kale, eti? Tsuka, madzi si odula.

Ndasiyira pomwepa, dzuwa latuluka ndipo kachewere akufuna kupopera mankhwala chiwawu chisanalowe. Moni kwa ana onse.

Ndatha ine wanu, mlimi wa ku Bembeke.